Sefa Yanga ndi Maso a Atelala

Lolemba

Sabata ino ndi ya maso. Madokotala ochotsa ng'ala, amene amayendayenda m'zipatala zazing'ono kuchita opaleshoni yaulere, analonjeza kuti atitumizira masiku awo pa imelo. Tiyenera kuvomera Lachisanu lisanathe. Tikachedwa, malo athu apatsa chipatala china.

Vuto ndi bokosi la makalata. Pamishoni pano pali kompyuta yakale imene anasiya mzungu wina, ndipo ndiyo seva yathu. Imaimba lamya kuti ilowe pa intaneti, imatenga makalata a tonse, n'kuwagawa kwa Abusa, kwa anamwino ndi kwa Mayi Namuthuwa, mlembi wathu. Ine ndine mphunzitsi wa masamu chabe. Anandiona tsiku lina ndikuiyatsa mosaopa, basi inakhala ntchito yanga.

M'mawa muno makalata akutsika modontha ngati mpopi wa m'chilimwe. Enieni ndi awiri okha. Otsalawo:

mankhwala ochepetsa thupi, kuno kwathu kuno!
mankhwala ena amene sindilemba m'buku lino
mawotchi
digiri yopeza osalowa m'kalasi
mpikisano wa kudziko limene sindinapondeko, ndipo akuti ndapambana

Zinyalala zimenezi amati sipamu. Ndikuopa kuti kalata ya madokotala imira mmenemo, kapena lamya iduka isanatsike. Ndiye ndaika sefa. Ndafotokozera Mayi Namuthuwa kuti imagwira ntchito ngati sefa ya kunyumba: ufa upite, misere itsale. Kalata yokayikitsa izipita ku bokosi lapadera. Amva msanga, ndipo ndasangalala.

Madzulo afika a Thomu, atelala a pakhonde la sitolo ku Migowi. Diso lawo limodzi linayera kalekale, linalo likutsatira. Makina awo osokera anawaphimba ndi chitenje. Afunsa ngati kalata yafika. Ndawauza kuti ifika, ndipo ulendo uno siingasochere.

Lachiwiri

Zinyalala zachuluka kuposa dzulo. Sefa ikugwira zina, koma zikubwera zatsopano, ndipo zambiri zikutchula Abusa ndi dzina lawo lenileni.

Ndafufuza. Abusa amayankha kalata iliyonse. Iliyonse! Wa mawotchi anamuthokoza n'kumuuza kuti ali nayo kale. Wa digiri anamulangiza za kuona mtima. Atero iwo: munthu akakupatsa moni panjira sungangodutsa, ngakhale usakumudziwa.

Ndakhala nawo pansi mwaulemu. Ndati makalatawa salembedwa ndi munthu amene akukuganizirani inuyo. Makina ndi amene amawamwaza kulikonse, monga amachitira mavenda a nandolo pofuula m'mudzi monse. Amene watulutsa mutu pakhomo, ndiye amamuzungulira mawa lake. Kuyankha n'kuwauza kuti nyumba ino muli anthu.

Agwedeza mutu, kenako anditsegulira kalata ina. Mayi wa kudziko lakutali, mwamuna wake anali nduna ndipo wamwalira mwadzidzidzi, achibale akufuna kumulanda chuma, akufuna munthu woopa Mulungu womusungira. Abusa chumacho alibe nacho chidwi, ndimawadziwa. Chawakhudza ndi maliro. Amulembera kale mawu opepesa, ndi ndime ya m'Masalmo.

Ndati mayiyo kulibe. Iwo ati: "Nanga ngati alipo, Aphunzitsi? Ndikayankha chiyani?"

Kalata ya madokotala sinafike.

Lachitatu

Tulo tavuta. Bokosi lapadera lija ladzaza, kompyuta ikulira ngati chigayo, ndipo lamya yaduka kawiri makalata ali pakati. Kusunga zinyalala n'kumene kukutichedwetsa. Ndalimbitsa sefa. Kuyambira lero izifafaniziratu, zisanatsike n'komwe, kalata zonse zokhala ndi izi:

mawu onena za ulere
mankhwala, dokotala, kuchiritsa
chonde yankhani msanga
cholowa, mkazi wamasiye
kalata yotumizidwa kwa anthu ambiri nthawi imodzi

Zotsatira zake n'zokongola. Bokosi lili mbee! Ndaitana anamwino kuti adzaone. Ati zili bwino, koma iwo akudikira madokotala.

Masana ndapeza Mayi Namuthuwa akumwetulira pa kompyuta. Usiku wathawu, sefa yatsopano isanayambe, analandira pemphero lokhala ndi chithunzi cha nkhunda. Pansi pake panalembedwa kuti wolitumiza kwa anzake adalitsidwa, wolisunga yekha aona zovuta. Atsegula chithunzicho, sichinaoneke. Komabe alitumiza kwa aliyense amene adiresi yake tili nayo. Ati dalitso sabisa, ndipo ine andiika poyamba.

Ndafotokoza za vayirasi, kachirombo ka m'kompyuta kamene kamabisala m'zinthu zotere. Ndayerekeza ndi anankafumbwe amene amalowa m'nkhokwe ndi thumba la mphatso. Afunsa ngati ndikutanthauza kuti pemphero ndi nankafumbwe. Ndisanamalize kuyankha magetsi azima.

A Thomu abweranso, atagwira phewa la mkazi wawo. Ndati mawa.

Lachinayi

Amayi a mpingo ali ndi msonkhano wawo lero. Abusa anasindikiza kalata ya wamasiye uja n'kuwawerengera, akumasulira mzere ndi mzere. Pofika nthawi yopuma kusukulu, pakhomo pa ofesi pali lichero la ufa, mtolo wa nkhuni ndi nkhuku yomanga miyendo. Chipepeso. Akufuna ndiwauze kumene kuli siwa, ndi minibasi yopita kumeneko.

Ndafotokoza modekha, kuyambira pachiyambi. Amvetsera mwaulemu. Kenako anong'onezana m'Chilomwe, poganiza kuti ine wa ku Dedza sindimva. Ndamva. Akuti anthu ophunzira kwambiri sapita kumaliro.

Zimenezo n'zazing'ono. Chachikulu ndi ichi: ndalembera madokotala kuwafunsa za masiku, ndipo kalata yabwerera. Ndalembanso, yabwereranso. Ndayesa kulembera mlongo wanga ku Zomba, chimodzimodzi.

Ndaimbira kampani imene imatipatsa intaneti. Mayi wa pa lamya wandiuza kuti kuyambira dzulo kompyuta yathu ikudzitumizira yokha makalata osawerengeka kwa anthu a padziko lonse. Maseva akunja atilemba pa mndandanda wa otumiza zinyalala, ndipo chilichonse chochokera kwa ife akuchikana pakhomo. Kuti atichotsepo, tiyambe tatsuka kompyuta, kenako tidikire masiku angapo.

Kunena mwachidule, sipamu tsopano ndi ife. Mishoni yathu, m'dzina la Abusa, ikugulitsa mawotchi.

Ndazula chingwe cha lamya. Ndatsuka kompyuta mpaka dzuwa kulowa, kenako ndabwezera chingwecho. Nkhuku ija idakali pakhonde, palibe amene akufuna kukhala woyamba kubweza chipepeso. Makalata olowa sanatsekedwe, choncho ya madokotala ikhoza kufikabe. Ndikudzilimbitsa mtima ndi zimenezo. Mawa ndi Lachisanu.

Lachisanu

Bokosi lili mbee. Lero kuyera kwake kukundiopsa.

Ndasiyira ana ntchito ya pabolodi, ndathamangira ku Migowi kukagula mayunitsi a foni. Pamsika ndakumana ndi Mayi Chirwa, namwino wa kachipatala ka mpingo wina kuseri kwa phiri. Akusankha tomato, n'kundifunsa mosavutika kuti ife tasankha masiku ati. Iwo kalata anailandira Lachitatu masana, n'kuyankha tsiku lomwelo.

Ndafunsa mmene inalembedwera. Akuti inali imodzi yopita ku zipatala zonse. Pamwamba pake: madokotala a maso, opaleshoni ndi mankhwala zaulere, chonde yankhani msanga.

Ndakhala pa thumba la nandolo la mwini wake. Sefa yanga sinalakwitse kanthu. Yachita zonse zimene ndinaiuza.

Zoyesa:

nambala ya madokotala imene andipatsa Mayi Chirwa, ikungoitana
kompyuta ya kuchipatala kwa Mayi Chirwa, magetsi kulibe chiyambire dzulo
yathu, yoletsedwa
kwatsala ku Limbe, kumene kuli malo olipira a intaneti

Minibasi ya ku Limbe siinyamuka isanadzaze. Kondakitala akulumbira kuti watsala munthu mmodzi. Akwera atatu, watsalabe mmodzi. Tazungulira msika, tanyamula matumba, tabwerera pomwe tinali. Ndamuuza dalaivala za ng'ala, mmene imaphimbira diso ndi mmene amaichotsera. Wati agogo ake nawonso ali nayo, n'kuzimitsa injini.

Tafika ku Limbe dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'makutu. Mwini malo a intaneti akufuna kutseka, ndamupempha. Ndatsegula adiresi yatsopano m'dzina langa, ndalembera madokotala. Mutu wa kalata ndaulemba ndi zilembo zazikulu zokhazokha kuti auone. Ndayamba motere: Okondedwa mwa Ambuye, simukundidziwa, koma ndikulemba ndi mtima wosweka. Ndapempha kuti ayankhe msanga. Kuti ndisaphonye, ndaitumiza katatu.

Yapita, sinabwerere! Ndigona kwa msuweni ku Bangwe.

Loweruka

Yankho palibe.

Ndayesanso nambala ija. Ulendo uno wanyamula mayi wa mawu ofatsa, amene amakonza maulendo a madokotala. Dzulo onse anali kumudzi kukachita opaleshoni. Ndadzitchula, ndatchula mishoni yathu. Wati ndandanda anaitseka dzulo madzulo, ndipo masiku athu apita ku chipatala china chimene chinali kudikira.

Ndati ndinalemba nthawi isanathe. Wati sanaone kalikonse. Ndamupempha ayang'anenso. Ndikumva akudina, mayunitsi anga akutha. Kenako waseka pang'ono, n'kupepesa. Makalata anga onse atatu ali m'bokosi lawo la zinyalala. Nawonso ali ndi sefa. Adiresi yachilendo, zilembo zazikulu, mlendo wa mtima wosweka wopempha thandizo msanga. Wandiwerengera mzere woyamba, ndipo ndamva mawu a wamasiye wa Abusa uja akutuluka m'kalata yanga.

Wandiuzanso kuti sabata ino alandira kuchokera ku mishoni yathu pemphero la nkhunda ndi malonda a mawotchi, ndiye anatitsekera pakhomo Lachinayi.

Ndachonderera. Ndatchula a Thomu ndi ena onse amene anamwino anawalemba. Wamvetsera mpaka kumapeto, ndi munthu wabwino. Koma chipatala chinacho chauza kale anthu ake. Wati chaka chamawa atiika poyamba, ndipo adzaimba lamya, osati imelo. Amene sangadikire apite okha ku Blantyre. Ndi angati angakwanitse ulendo umenewo, ndi wowaperekeza, ndi kogona?

Pobwerera minibasi yadzaza nthawi yomweyo.

Lamlungu

Ndachotsa sefa m'mawa, mapemphero asanayambe. Zinyalala ndizifafaniza ndi dzanja, imodziimodzi, nditawerenga mutu wake. Abusa avomera kuti asanayankhe kalata azindionetsa kaye. Ati wamasiye uja amupemphererabe, pakuti pemphero silidutsa mu seva. Sindinatsutse.

Nthawi ya zolengeza andiitana kutsogolo. Ndinakonzekera bwino: seva n'chiyani, sefa n'chiyani, chinachitika n'chiyani Lachitatu. M'tchalitchi mwadzaza. Ena achokera ku Nkhulambe, atakwezedwa pa njinga, chifukwa anamva kuti lero tilengeza masiku. Akhala kutsogolo, nkhope zawo zitaloza kumene kukuchokera mawu anga.

Ndangoyamba za lamya, a Thomu akweza dzanja. "Tsiku lokha, Aphunzitsi. Zinazo mutiuza panja."

Ndati chaka chamawa. Ndati kalata inabwera, ndipo makina amene ndinatchera ine anaitaya. Kenako wina wayambitsa nyimbo, ndakhala pansi.

Potuluka ndaima pakhomo kuti aliyense wofuna kundikalipira andipeze. Palibe wakalipa, ndipo zimenezo zandipweteka kwambiri. A Thomu andigwira mkono kuti atsike masitepe. Zala zawo zayenda pa malaya anga, zaima paphewa pamene msoko unamasuka m'minibasi. Ati ndani anasoka zimenezi. Ndati ndinagula pa kaunjika.

"Mubwere nawo mawa. Msoko ndimaumva ndi zala, chimene chimandikanika n'kulowetsa ulusi pa singano. Muzidzera pakhonde panga m'mawa musanapite kusukulu, muzindilowetsera. Mpaka chaka chamawacho."

Ndavomera. Ku Migowi ndi kutali ndi sukulu, ndiyenera kumadzuka molawirira. Ati ndibwere ndi ulusi woyera ndi wakuda.