Ulendo wa ku Nkhudzi pa Galimoto ya Achimwene

Lolemba

Achimwene andiitana pakhonde pawo m'mawa uno. Aonda zomvetsa chisoni. Kuchipatala anawabweza mwezi watha, akuti azikangomwa mankhwala kunyumba, ndipo tonse pabwalo pano tikudziwa tanthauzo lake.

Akuti, "Iwe, ukandionetse ku Nkhudzi kumene ndinabadwira. Pa yofiira ija, denga lotsegula."

Yofiira ija ndi galimoto ya mipando iwiri imene anabwera nayo kuchokera ku Joni tonse tikadali ndi tsitsi. Yogwada pansi, mphuno yaitali. Masiku amenewo ikadutsa pamsika anthu ankasiya kugula chambo. Anandipatsa ine maso atayamba kuwavuta, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ndikuikonza pansi pa mtengo wa mango. Kuyenda sinayendebe. Akazi anga amaitchula mkazi wamng'ono, akuti imangodya, ntchito ayi.

Ndalonjeza Loweruka. Zofunika:
batire, kukachajitsa
mapulagi anayi
kuchotsa nkhuku imene ikufungatira pampando wa pasinjala
petulo

Zinayi basi! Ntchito ya masiku awiri iyi.

Lachiwiri

Batire yatheka. Mapulagi ndamanga. Nkhuku yandijompha pachala, koma mazira ake ndawasamutsira m'dengu.

Petulo m'tauni ndi nkhani ina. Ndaima pamzere ndi chigubu changa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, dzuwa la Mangochi lomwe lino, kungofika kutsogolo akuti a zigubu sakuwathirira, ndibwere ndi galimoto. Ndibwere nayo bwanji ilibe mafuta? Ndiisenze?

Akazi anga akuti, "Bwanji osangowatengera pa matola ya a Bwanali mawa lomwe? Munthu akudwala uyu, bambo."

Matola! Munthu amene anayendetsa yofiira kuchokera ku Joni mpaka pakhomo pano akakhale pakati pa madengu a usipa? Manyazi amenewo sindingawachititse. Ndawauza kuti za magalimoto azisiyire eni ake.

Lachitatu

Petulo wapezeka! Che Wadi, mnzanga wa ku Nkopola amene ali ndi maboti awiri a usipa, amva kuti ndi za achimwene ndipo andipatsa chigubu chodzadza, chaulere. Akuti, "Tengani, mwera watiletsa kulowa m'madzi sabata ino, akungokhala." Mtundu wake ndi wachilendo pang'ono. Mwina ndi chigubucho.

Ndathira yense. Kiyi. Yalira! Zaka zisanu ndi chimodzi, lero yalira! Ndatsala pang'ono kuvina, ine munthu wamkulu.

Kenako utsi. Utsi wabuluu, wochuluka, bwalo lonse tolo. Zovala zimene akazi anga anayanika zanunkha. Amayi a nyumba yoyandikana nafe atuluka ndi ndowa ya madzi akufuula moto. Injini yatsokomola katatu n'kuzima, ndipo kuyambira pamenepo zii.

Achimwene, ali chigonere pakhonde, akweza dzanja. "Fungo limenelo ndi la boti. Mafutawo ndi osakaniza ndi oilo. Khuthula thanki, iwe."

Ndangoti eya. Munthu amene sanagwire sipanala zaka khumi, maso saona, akundiuza matenda a injini ndi mphuno? Vuto ndi kabuleta. Mavidiyo a pafoni ndaonera ambiri ine.

Lachinayi

Kabuleta ndamasula yense. Ziwalo ndaziyala pa thireyi ya alendo:
timabawuti tisanu ndi titatu
timawasha, sindinawerenge
kasingano
kasipuling'i kamodzi, kochepa ngati mpunga

Kasipuling'iko kadumpha. Kagwera mumchenga. Mchenga wa pabwalo panga ndi womwewo wa kunyanja, ulibe malire. Maola atatu ndili chogwada ndi sefa ya ufa, mpaka eni ake, akazi anga, abwera kudzandilanda. Angoipukuta ndi chitenje n'kumapita.

Achimwene lero adya masupuni awiri a phala. Auza alamu, akazi awo, kuti awatulutsire chipewa chawo cha ku Joni ndi magalasi akuda, aziike pafupi. Nditapita kukawaona afunsa chimodzi chokha: "Wakhuthula?"

Ndati ndikuthana nazo.

Alamu andiperekeza mpaka pa mpanda, mawu otsitsa. "Alamu, matola ija akuti ilipo mawa. Ndinu mukudziwa, koma ine ndi amene ndikumawatembenuza."

Ndawauza kuti Loweruka ndi mkuja chabe. Mtima wanga sunakhale m'malo, komabe ndanena.

Lachisanu

Potuluka mu mzikiti ndakumana ndi Che Wadi. Akuti, "Petulo uja wakuyenderani? Ndinaiwala kukuuzani, anyamata anga anali atathiramo kale oilo wa injini za boti. Ndipo aja dzanja lawo ndi lolemera, amathira ndi maso."

Ndayang'ana nsapato zanga.

Kunyumba ndamasula mapulagi. Onse anayi bii, onyowa ndi oilo. Kabuleta analibe mlandu, ndamuphera chabe. Ndamumanganso, m'malo mwa kasipuling'i kaja ndaikamo ka mu bolopeni. Kawasha kamodzi katsala pa thireyi, sindikudziwa kwawo. Mapulagi ndatsuka. Thanki ndakhuthulira mu beseni.

Tsopano galimoto ili bwino, mafuta ndilibe. Lachitatu ndinali ndi mafuta, nzeru ndinalibe.

Ndapita kukaulula. Achimwene aseka mpaka kutsokomola, alamu achita kuwakhazika tsonga. Akuti, "Ndinakuuza dzana. Mutu wako ndi womwe uja, uli mwana unkakananso kuti chokupweteketsa m'mimba ndi mango osapsa."

Ndawaimbira a Bwanali, matola ibwere mawa teni koloko, mpando wakutsogolo ukhale wa achimwene, madengu ayi. Achimwene akuti palibe kanthu, bola chipewa avale. Inshallah.

Loweruka

Achimwene atisiya dzuwa litangotuluka. Alamu akuti anapempha madzi, anamwa pang'ono, basi.

Teni koloko yeniyeni matola yafika pachipata ikuliza hutala. Moyo wanga wonse sindinaonepo a Bwanali akusunga nthawi, asunga lero. Atamva maliro avula chipewa. Galimoto yawoyo ndi imene yakatenga sanda, nsalu yokulungira thupi, m'tauni.

Taika itangotha swala, pemphero la masana. Jeneza lonyamulira maliro potuluka ladutsa pafupi ndi mtengo wa mango, pamene pali yofiira, boneti ili yasaa, beseni la petulo wa boti lili pansi. Ndinali kutsogolo, phewa lakumanja. Sindinacheuke.

Ulendo wawo wa Loweruka ndi umenewo: kunyumba, kumzikiti, kumanda. Pamapewa.

Pobwera alamu andipatsa chipewa chija ndi magalasi. Bola akanandinyoza.

Lamulungu

Msuweni wathu wa ku Malindi, amene anabwera kumaliro pa njinga yamoto, wandiona ndangokhala pansi pa mango. Wapopa petulo pang'ono mu thanki yake, weniweni, akuti, "Yesani, mtima ukhale pansi."

Ndathira. Kiyi kamodzi.

Yalira. Utsi ayi, kutsokomola ayi. Ikulira mosalala ngati tsiku limene inafika kuchokera ku Joni, ndi kasipuling'i ka bolopeni komweko. Ndakwiya kwambiri moti ndamenya chiwongolero, dzanja likupwetekabe. Sindikudziwa ngati ndakwiyira galimoto.

Ku Nkhudzi si kutali. Matola yodzadza, yoima paliponse, imakafika phala lisanazizire mu fulasiki. Lachitatu tikanapita n'kubwerako. Lachisanunso.

Akazi anga aima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno, kenako awatsitsa n'kulowa. Olira maliro pakhonde la achimwene akuyang'ana kuno, ndiye ndazimitsa. Chipewa ndachiika pampando wa pasinjala, ndakhala pamenepo kanthawi.

Nkhuku ikuzungulira tayala kuyambira m'mawa, ikufuna malo ake. Chipewa ndachotsa, mazira ndabwezerapo. Ikhalepo, mpandowo ulibenso mwini.