Chipinda cha m'mwamba ku Nsanje

Chinali chaka cha 1923, ine ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Nkhaniyi adzukulu amaikamba mokhotetsa, ndiye ndiilembe ndekha.

Ndinkayeza thonje pasikelo ya mmwenye wina ku Nsanje. Pafupi ndi doko panali nyumba yakale yosanja, ya njerwa zofiira, imene Mpwitikizi wamalonda anaisiya sitima za pamtsinje zitayamba kuchepa. Amuna anayi anasonkherana naigula, aliyense chipinda chake, denga ndi khonde za onse. Cha m'mwamba chinalibe mwini.

Ine ndinali ndisanapondepo nyumba yokhala pamutu pa inzake. Ndinkafuna kudziwa: munthu akagona m'mwamba, amalota ngati ife apansi? (Musaseke. Inu munabadwa zilipo kale.)

Kugula kwake sikunali kungopereka ayi. Eni anayi aja anandikhazika pakhonde ngati wamlandu. Wamkulu wawo anali a Zuze, telala wachisena, amene ankasokera pansi penipeni pa chipindacho.

"Kachasu mumamwa?"

"Ayi."

"Mbuzi?"

"Zili kumudzi."

"Pyadidi," anatero a Zuze m'Chisena, kuvomera kuti ndigule. Iwo za mkazi sanafunse. Ine za matabwa a pansi pa chipindacho sindinafunse.

Nditakwera ndinaima pawindo. Shire yense ali poyera, mabango, mabwato, mpaka tsidya. Ndinati apa mkazi wanga Nambewe aone. Ndinapita ku Makhuwira, kumene ndinali mkamwini, kukapempha chitengwa. Amalume ake anavomera monyinyirika: "Akakachita manyazi kumeneko, tidzamtenga, inunso mudzabwerera kumunda kwa apongozi anu." Munda umenewo ndinkauopa kuposa ng'ona.

Nambewe atafika sanayang'ane pawindo. Anayang'ana pansi.

"Bambo, nyumba yosazira? Anthu adzati ndine mkazi wotani?"

Anatuta dothi kudambo, nazira matabwa onse bwinobwino. Kunena zoona munakongola. Koma madzi amatope analowa m'mipata nakadonthera pa malaya oyera a mphunzitsi amene a Zuze ankasoka.

"Ninji pyenepi?" anakuwa kuchokera pansi. "Mvula m'nyumba, kunja kuli dzuwa?"

Ndinapepesa. Sindikonda kupepesa.

Kenaka akazi apansi anayamba kumseka Nambewe pamtondo wa onse, amvekere wabwera mayi wa kumwamba. Anabwera akulira. Ine ndinagamula: "Ndinagula m'mwamba. Zathu zonse zizichitikira m'mwamba." Ndinagula mtondo waukulu, ndipo pamakwerero ndinausenza ndekha. (Zakuti anandikakamiza ndi mkazi, limenelo ndi bodza la adzukulu.)

Anathiramo mapira nayamba kusinja. Nyumba yonse inayankha ngati ng'oma. Ndinachita chidwi. Ndinagwada, khutu pansi, kuti ndimve mawuwo akuchokera pati.

"Bambo, pansi pakugwedera."

"Sinjani mwamphamvu, ndikumvetsera."

Anamvera. Chiswe chinali chitadya kale matabwa m'kati, dothi lonyowa lija linangomaliza ntchito. Kunangoti phwaa! Nambewe anatsala ndi munsi m'manja, mtondo palibe.

Ndinasuzumira pabowo. Makina osokera atagona cham'mbali, mtondo utakhala pamene panali tebulo, a Zuze ali mbuu ndi mapira mpaka m'nsidze, lumo m'manja. Anayang'ana kumwamba. Tinayang'anana. M'kamwa mwanga munatuluka mawu amene analimo:

"Mwaswera bwanji, a Zuze?"

"Tsikani, mwananga," anatero mofatsa, "tidzaswerere limodzi."

Eni nyumba anakhalanso pakhonde. Ulendo uno sanandifunse kanthu. Mbiri inakwera mtsinje msanga kuposa bwato, ndipo amalume aja anafika mwezi usanathe. Sananene zambiri. Anangondipatsa khasu.

Zimene zinatayika ndi izi: chipinda chimodzi, tebulo limodzi, lichero la mapira, mbuzi zitatu zimene zinapita kwa a Zuze, ndi zaka zisanu ndi ziwiri m'munda wa apongozi. Mtondo sunasweke. Mlandu ndimaupatsabe Mpwitikizi. Munthu amamanga bwanji nyumba yosati nkusinjiramo? Nanga mkazi wake ankasinjira kuti?