Netiweki ya Kumanda

M'dziko lina lake, kuseri kwa mapiri kumene ngakhale opempha mavoti amafikako monyinyirika, kunali mudzi umene dzina lake tilisunga pofuna kuteteza amoyo ndi akufa omwe. Mudziwo unali m'chigwa, ndipo zinthu zambiri zabwino zinkaudutsa pamwamba: ndege, mvula yoyamba, malonjezo ndi netiweki.

Mafoni analipo ndithu. Ana a m'mudzimo amene anapita kutauni ndi ku Joni ankatumiza mafoni akuluakulu opalasa ndi chala, koma ntchito yake inali kuunikira m'khola la nkhuku ndi kujambula ana atavala yunifolomu yatsopano. Aliyense anali ndi simu khadi ya kampani ya Namzeze, imene pachikwangwani chake kumsika inkalumbira kuti imafika paliponse. Sinkanama kwenikweni. M'mudzimo inkafikadi, kungoti inkafikira kumanda.

Zinadziwika tsiku lina poika maliro. Abusa ali pakati pa pemphero lotsiriza, foni inalira m'thumba la jekete lawo. Inalira ina, n'kuliranso ina, mpaka manda onse anadzaza phokoso, mauthenga a miyezi ndi miyezi akugwa ngati mango a mumtengo wogwedezedwa. Manda aja anali pakamtunda, ndipo pansi pa mitengo yake timizere ta netiweki tinkakwera tonse. Munthu akangoponda kunja kwa msituwo, tonse tinkazimiririka.

Tsono mwambo wa m'mudzimo unali wosapindika: kumanda salowako popanda maliro. Wopezeka kumeneko tsiku wamba ankafunsidwa mafunso amene yankho lake ndi kusamuka. Choncho anthu anaphunzira kudikira. Imfa ikalengezedwa, amayi ankalira, abambo ankagwetsa nkhope, kenako onse ankathamangira kukatchaja mafoni ndi kugula bandulo. Kumanda ankaweramitsa mitu mwaulemu kuposa kale lonse, ena mapewa akuchita kugwedezeka, moti alendo ankabwerera kwawo akusimba kuti sanaonepo mudzi wodziwa kulira chotero.

Munthu amene anakondwa nazo koposa anali a Layisoni Mkwapatira, mwini golosale yokhayo ya m'mudzimo. Bambowa chiyambire unyamata wawo anali asanapondeko pamaliro. Ankati akufa sagula sopo, ndipo kutseka golosale chifukwa cha munthu amene sadzabweranso kudzagula n'kusaganiza bwino. Maliro akamadutsa ankabweza chitseko pang'ono n'kumagulitsira pazenera. Anthu akawakumbutsa kuti maliro n'kulirana, iwo ankayankha kuti sanapemphe munthu kuti awalire.

Koma zaka sizinyengereredwa. Imvi zitatuluka, mawondo atayamba kudandaula, a Mkwapatira anakumbukira mawu amene a Yotamu, mkulu wa adzukulu okumba manda, anawauza tsiku lina akugula machesi: "Inu bambo, tsiku lanu likadzafika mudzadziperekeza nokha." Mawuwa ankawadya mumtima. Imfa yeniyeniyo sankaiopa kwambiri. Chimene ankaopa chinali bokosi lawo kuyenda pamsewu ndi anthu owerengeka, mudzi wonse uli m'minda, ana akufunsana kuti m'menemo muli ndani.

Ndiye kunabwera netiweki ya kumanda ija. A Mkwapatira anaona ndi maso awo maliro a wakuba mbuzi wina, munthu amene ngakhale mayi ake ankamubisira mchere, akuperekezedwa ndi khamu lochokera midzi yonse yoyandikana, ena pa njinga za kabaza. Tsiku limenelo anadya bwino. Anauza akazi awo, a Nachisale, kuti Mulungu amayankha ngakhale pemphero limene munthu sanapemphere.

"Anthu aja sanapitire malemu, abambo," anatero a Nachisale. "Anapitira mafoni."

"Bokosi silifunsa chimene munthu wabwerera, Nachisale. Bola achuluke."

Mtendere wawo unasokonezeka pamene kunafika galimoto ya kampani ina, ya Liwiro, zokuzira mawu zili padenga. Munatuluka mayi wovala bwino amene anafotokoza kuti kampani yake ndi yokonzeka kumanga nsanja ya netiweki pakati pa mudzi, malinga anthu apereke malo ndi kusintha masimu khadi awo. Munthu azidzaimba foni ali pakhonde pake, kudimba, ngakhale kubafa. Bandulo yawo siitha msanga, ndipo kanema sachita kuima pakati n'kumazungulira. Anthu anaomba m'manja, kupatula a Mkwapatira.

Nkhani yaikulu chotero sikanatheka popanda komiti. Kunakhazikitsidwa Komiti Yaikulu Yoona za Mafunde, Mauthenga ndi Zina Zoyenda Mumlengalenga, ndipo a Mkwapatira anasankhidwa kukhala Wapampando, poti misonkhano inkachitikira pakhonde la golosale yawo ndipo tiyi ankachokera mommo. A Yotamu anakhala Mlangizi Wamkulu pa Nkhani za Malo Amene Netiweki Ikupezeka Kale. Anthu awiriwa, amene kale sankapatsana moni wokwanira, anapezeka ali mbali imodzi, chifukwa nawonso adzukulu zinthu zinali zitawayendera. Ankalandira moni wa manja awiri, ndipo anthu aulemu wawo ankawanong'oneza kuti asamafulumire kukwirira kanema asanathe kulowa m'foni.

Wapampando anayamba ndi njira yodziwika bwino, yozengereza. Anatuma komiti yaing'ono kukafufuza ngati nsanja sithamangitsa mvula. Komitiyo inabwerako n'kunena kuti mvula inathawa kale yokha nsanja kulibe. Anatuma ina kukafufuza ngati nkhuku sizisiya kuikira, koma mamembala ake anadya nkhuku zofufuzirazo ntchito isanathe. Mapeto ake amayi anatopa, ndipo msonkhano wa mudzi wonse unaitanidwa.

Woyamba kuima anali a Nachisale, osawayang'ana n'komwe amuna awo.

"Ine ndatopa," anatero. "Mwana wanga ali ku Joni, koma kuti ndimve mawu ake ndiyenera kudikira mnzanga afe. Mwezi wathawu ndinapezeka ndikufunsa za odwala a m'mudzi muno ndi mtima umene ine mwini sindinaukonde."

Amayi anavomera ndi mitu. Mphunzitsi wina anakweza dzanja n'kunena kuti nkhaniyi ndi yosavuta, poti mafoni a masiku ano amalowa masimu khadi awiri, munthu atha kusunga Namzeze n'kuwonjezera Liwiro.

"Mapanga awiri avumbwitsa, aphunzitsi," anatero Wapampando, akuima pang'onopang'ono monga amachitira anthu a maudindo. "Abale anga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikufunseni inu nomwe aphunzitsi. Akulu anu a kuboma akafuna kudziwa chifukwa chimene simunayankhe foni Lolemba m'mawa, mumati chiyani?"

"Ndimati kwathu kulibe netiweki."

"Nanga inu a Sikelo, apongozi anu akafuna kuti mukawafolerere nyumba?"

A Sikelo, mkamwini wodziwika ndi kudwala msana nthawi ya ntchito, anayankha motsitsa kuti nawonso amati kulibe netiweki.

"Mwamva nokha. Mawu amenewa asunga ntchito, asunga maukwati, ateteza ubale m'mudzi muno, ndipo lero mukufuna muwasinthanitse ndi kapu ya kumutu ya kampani. Nsanja ikabwera aliyense adzapezeka. Ndibwereze: aliyense adzapezeka, nthawi iliyonse, kulikonse kumene ali, ngakhale kumene ananena kuti sali."

Abambo ambiri anayang'ana pansi, ndipo tinene zoona, amayi enanso anayang'ana pansi. Mlangizi wa zaumoyo, amene kuboma ankadziwika kuti amayendera midzi tsiku lililonse, anapukuta thukuta ndi chipewa. Pokweza manja Liwiro inagonja kotheratu, moti mayi wa galimoto uja anachoka osayatsa zokuzira mawu.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma a Mkwapatira anali atalawa ukulu, komanso ankaopa kuti a Liwiro angabwerenso iwo atagona m'chipatala. Anafuna kukhomerera msomali mpaka mutu ulowe. Anavala jekete, nakwera kabaza mpaka kuboma, nakalankhula pa wailesi ya m'deralo. Anauza dziko kuti mudzi wawo wakana nsanja yaulere chifukwa cha kukhulupirika, poti anthu akwawo sali ngati ena amene amasintha kampani ngati malaya. Anamaliza ndi mawu amphamvu akuti iwo ndi Namzeze sadzasiyana. Pobwerera ankaimba mluzu, osakumbuka kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mawu aja anafika kulikulu la Namzeze, ndipo akuluakulu akumeneko anakhudzidwa kwambiri. Anabwera ndi magalimoto, mahema ndi gulu loimba. Bwana Wamkulu Woona za Chikondi cha Makasitomala anaima pansanja ya alendo n'kunena kuti chiyambire ntchito sanaonepo kukhulupirika kotere, ndipo anthu otere sayenera kuvutika. Pothokoza, kampani yaganiza zomanga nsanja ya netiweki, yaitali kuposa imene ena aja analonjeza, kuseri kwa golosale ya bambo amene anawakonda pamene wina aliyense akanawataya. Palibe amene asinthe simu khadi, ndipo komiti siifunika, poti mphatso saikambirana.

"Bwana," anayesa kulankhula a Mkwapatira, "ife kuno tinazolowera kale mmene zililimu. Musadzivutitse."

"Kudzichepetsa kumeneku ndi kumene kwatigwira mtima, bambo," anatero bwanayo akuwakumbatira.

Nsanja inamangidwa mwachangu chimene mudziwo sunaonepo pa chitukuko china chilichonse. A Mkwapatira anapatsidwa udindo wa Kazembe Wolemekezeka wa Namzeze, anavekedwa kapu, ndipo ndi iwo amene anadula riboni. Anazengereza kuidula, anthu n'kumati ndi chimwemwe. Kuyambira tsikulo timizere tinadzaza paliponse. A Nachisale ankalankhula ndi mwana wawo mpaka khutu kutentha, a Sikelo anakafolera nyumba ya apongozi, ndipo kunatsegulidwa gulu la pa foni la mudzi wonse, kumene nkhani iliyonse inkathera.

Woyamba kumwalira nsanja itayamba kugwira ntchito anali a Nangozo, mayi amene anaphikira maliro a banja lililonse m'mudzimo ndipo analibe mdani. A Mkwapatira anafuna kuona ndi maso awo. Kwa nthawi yoyamba anatseka golosale ndi loko, nauza akazi awo kuti akukawongola miyendo. Kusiwa anapeza achibale ndi amayi ochepa akuimba motsitsa. Kumanda anapeza a Yotamu ndi adzukulu owerengeka, dzenje lisanafike m'mawondo, dzuwa lili pamutu.

"Anthu ali kuti, a Yotamu?"

"Alipo onse," anatero a Yotamu akuwaonetsa foni. "Onani pagulupa. Mudzi wonse walira, ena alira kawiri. Uyu watumiza ndi kandulo."

"Koma awa ndi a Nangozo. Awa sanaphonyepo maliro a munthu."

"Ee, n'chifukwa chake mauthenga achuluka chonchi."

Mantha aja anabwerera onse, ndipo a Mkwapatira anadzimvera chisoni kuposa mmene anawamvera a Nangozo. Anafunsa ndi mawu aang'ono: "Nanga ine?"

"Inu musade nkhawa, a Kazembe, ndinu munatibweretsera chitukuko. Kungoti dzenje silikumbika pa foni, ndipo anyamata anga atsala ndi awa mukuwaonawa. Amakumbira amene amawaona."

Pa msinkhu umene anzawo amakhala pamthunzi n'kumalangiza, a Mkwapatira anavula kapu, anapinda manja a malaya, natsikira m'dzenjemo ndi khasu. Anakumba mpaka thukuta linayenderera m'maso. Koma wamalonda ndi wamalonda, sangagwire ntchito imene palibe akuiona.

"A Yotamu, ndijambuleniko, mutumize pagulupo. Anthu adziwe kuti ndinabwera."

A Yotamu dzanja lawo linali la khasu, osati la kamera. Anajambula nkhope yokha, maso atatsinzina chifukwa cha thukuta, dothi lili kumbuyo, natumiza osalembapo kanthu. Tsono m'mudzimo mkulu wa adzukulu akatumiza chithunzi cha munthu wachikulire, palibe amafunsa tanthauzo lake.

Foni inayamba kunjenjemera. Pepani anamfedwa. Mtengo waukulu wagwa. Anatibweretsera nsanja, ause mumtendere. Tinkhope tolira tinatsika tambirimbiri, kandulo ija inabweranso, ndipo mphunzitsi uja analemba mbiri ya malemu yokoma kuposa munthu wake. Mudzi wonse unawalira a Mkwapatira masana amenewo, iwo akuwerenga okha ali chiimire m'dzenje.

"Ndiwauze kuti muli moyo?" anafunsa a Yotamu.

"Dikirani kaye," anatero a Mkwapatira. "Tione amene abwere."

Anasuzumira kunja kwa dzenje, maso ali panjira yochokera kumudzi, nadikira. Panjirapo panadutsa mbuzi. Kenako foni inanjenjemeranso, ndipo anali a Sikelo, akupepesa kwambiri banja lofedwa ndi kufunsa ngati golosale itsegulidwe mawa.