Ndinapambana mlandu wa banja langa

Nkhani iyi ana anga saidziwa, ndipo mukakumana nawo musawauze. Ndi ya manyazi.

Nthawi ya nkhondo ya Jeremani ndinali mphunzitsi kufupi ndi Tamanda, ndikukhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga. Ndinamva kuti ku Boma, ku Fort Jameson, akufuna kalaliki wa khoti la milandu ya maukwati, minda ndi mbuzi zodya chimanga cha eni. Choko chinali chitandikwana. Ndinapita kukaonerera khoti tsiku limodzi, ndinaona loya wachizungu akulankhula manja ali m'matumba, ndipo ndinabwerako ndili loya. Palibe anandiuza kuti kalaliki amangokhala chete n'kumalemba.

"Amake Esinati, ndithandizeni practice," ndinauza mkazi wanga. "Ine ndikhala mwamuna wofuna kuthetsa banja, inu mukhala mkazi wake. Tikanangopeza anthu oti akhale ngati khoti, bwenzi zili bwino."

"Chabwino," anatero.

Sabata yonse ndinakhala ndikumusudzula pakhonde, ndi mawu anga a m'kalasi omveka mpaka kudambo. Za amayi odutsa popita kuchitsime sindinaziganizire.

Loweruka m'mawa kunafika a Chikuse, malume ake a mkazi wanga, amenenso ndi ankhoswe ake. Anabwera ndi akulu anga a Yelemiya, ankhoswe akuchimuna. Anakhala pansi pa mtengo wa mango osaseka ndi munthu. Mumtima ndinati: mkazi ndiye uyu, wandipezera khoti lathunthu! Ndinathamangira jekete.

Pamaso pa ankhoswe mkamwini amakhala pansi, n'kuzolika, mawu pang'ono. Ine ndinaimirira, manja m'matumba.

"Akamwini, tamva kuti banja lakutopetsani," anayamba a Chikuse. "N'zoona?"

"N'zoona, My Lord!"

A Yelemiya anatsokomola.

"Mwana wathu walakwanji?" anafunsa a Chikuse.

Ndinayala milandu bwinobwino: ndiwo zosakolera mchere, kukhalitsa kumtondo, kuyankha mwamuna asanamalize kufunsa. Zina ndinapeka. Zina, kunena chilungamo, sindinapeke.

"Iwe Simoni, takhala pansi," ananong'ona a Yelemiya.

"Silence in court!"

Anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Ndinawayamikira mumtima, sindinkadziwa kuti akuluwa amatha sewero chotere.

"Ndiye simungapirirane?" anafunsanso a Chikuse. "Taganizani ana."

"Ana ndawaganizira, My Lord. Ukwati uwu ndi dengu lobooka, ngakhale kusoka sikungathandize. I rest my case!"

A Chikuse anapukuta nkhope ndi dzanja.

"Tamva. Ife sitikakamiza munthu. Ana ndi athu, nyumba ili pamalo pathu, munda ndi nkhokwe n'zathu. Inu tengani mphasa yanu, dzuwa lisakulowereni m'mudzi muno."

"Very good judgement!" ndinatero, ndikuwomba m'manja.

Ndinawomba ndekha. A Yelemiya anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mphasa yanga atayikulunga. Misozi inali ikulengeza m'maso mwawo. Munthu ameneyu sanalirepo ngakhale pa maliro a agogo. Apa mantha anandigwira zenizeni.

"Amake Esinati! Auzeni kuti ndi practice! Si ndinu munawaitana?"

"Ine ayi. Amva kwa amayi akuchitsime."

"Nanga bwanji mwangokhala chete banja likutha?"

Mkazi wanga anandiyang'ana nkhope ili phee.

"Ndimafuna ndiwauze, abambo. Koma mwalankhula bwino kwambiri. Mpaka inenso mwandikhutiritsa."

Apilo yake inandidyera mwezi wathunthu ndikugona kwa a Yelemiya, kuphatikizapo tambala wopepesera.

Mlandu wa m'nyumba mwako, usanaupambane uyambe wapeza kokagona.