Mmene ndinadzikanira munda wanga

Chaka cha zisankho chija, radiyo inkangoti sondaje, kafukufuku wofunsa anthu amene adzamuvotere, yaonetsa kuti uje ndiye awina. Ine zinkandinyansa. Anafunsa ndani? Kuno ku Tsangano alipo anafunsidwapo? Komanso munthu wanzeru angauze mlendo chipani chake, mawa n'kumva kuti dzina lake lili ku boma? Ndiye ndinauza anzanga pamsika kuti akadzafika kwanga anthu amenewo ndidzawanamiza mpaka manambala awo asokonekere.

Lachiwiri lina ndikusankha mbatatesi pakhonde, anatulukira mayi wina atanyamula foni yaikulu yolembapo. Atangoti, "Bambo, tikuyenda m'makomo kufunsa…" ine ndinawadula. "Ndikudziwa kale, senyora, funsani."

Dzina ndinapereka la malemu amalume. Atafunsa kukula kwa munda, ndinati ndilibe ngakhale mzere umodzi.

"Nanga mbatatesizi?"

"Ndikungosungira anthu."

"Pakhomo pano mulipo angati?"

"Ndekha."

Apo n'kuti akazi anga ali pompo akupeta nyemba. Mayi aja anawayang'ana, ine n'kuti, "Awa ndi odutsa, angopempha madzi." Lichero linaima, koma ine osalabada, mtima uli mbee, ndikudikira funso la chipani kuti ndimalizitse ntchito. Funsolo silinabwere. Anatsanzika, ine n'kuthamangira kumsika kukadzitama kuti ndawapusitsa a sondaje.

Patapita masabata atatu, kunamveka kuti alimi akalandire adubu, feteleza uja, ndi mbewu pasukulu. Ndinabwereka njinga yonyamulira. Anaitana mudzi wonse, ngakhale aulesi odziwika, dzina langa zii. Ndinapita kutsogolo nditalusa, ndipo amene anakhala patebulo anali mayi omwe aja. Kani anali alangizi a zaulimi, ankalemba maina a olandira.

Anandizindikira, n'kutsegula foni ija, n'kuwerenga mokweza mayankho anga onse, limodzilimodzi. Kenako anafunsa mwaulemu ndithu, "Ndiye bambo, adubuyo mukathira pati?"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo amene anaseka kwambiri ndi akazi anga. Ndinachita manyazi, abale, ndinabwerera ndikukankha njinga yopanda kanthu, ndipo chimanga cha chaka chimenecho chinatuluka chachikasu ngati chadwala.

Sondaje sindiikhulupirirabe, chifukwa tsopano ndikudziwa bwino mmene anthu amayankhira. Koma mlendo aliyense wofika pakhomo panga masiku ano ndimamusiya amalize mawu ake, ndisanadziphe ndekha.