A Makutu m'buti ya mlamu wawo

Malemu a Makutu sankatsekula boneti mwinigalimoto asanalire. Ukafika pagalaja pawo n'kuyamba zoti galimoto ikumachita phokoso ndikaponda moto, ankakudula pakamwa n'kukuuza kuti ulire mmene ikuliriramo. Pomwepo, anthu akuona.

Abusa anayesa kukana, ati udindo wawo sukulola. A Makutu anangobwerera pampando wawo wakale wa minibasi n'kuyamba kuwenga zala. Mapeto ake bambo wa kolala yoyera anaima pakati pa matayala akutha, kukhosi kuli tolotolo, akuti "tswiii, tswiii!" Asanamalize n'komwe, a Makutu anati ndi lamba wa injini wakhwepa, ndipo analidi lamba. Wina akati "gu!" ponyamuka, ankati labala yogwira injini yadyeka. Akabangula ngati ng'ombe, ekizozi yabooka.

Amene anaziona zakuda ndi mlamu wawo, Nachiwongolero, mkazi wa malemu mng'ono wawo. Mayiyu ankadyera galimoto imene mwamuna wake anasiya, potengera ana asanu ndi awiri a eniake kusukulu m'mawa uliwonse. Ndiye inayamba kaphokoso kachilendo kumbuyo, kongomveka akaponda moto basi. Amakaniko awiri anali atamuopseza kale kuti ndi giyabokosi, angoigulitsa. Iye mtima unali m'malere, poti galimotoyo ikaima, pakhomo paima.

Analira kamodzi, a Makutu anapukusa mutu. Analiranso, anati kulira kumeneko n'kwa munthu wamanyazi, galimoto ilibe manyazi. Kachitatu anachita kutseka maso n'kutulutsa "gudu-gudu-gudu" mpaka ogulitsa nthochi kutsidya kwa msewu anatembenuka. Bamboyo anangovula nsapato, n'kutsekula buti, n'kulowamo.

"Alamu, mwapenga?"

"Tsekani. Ndikagogoda kamodzi, pondani moto. Kawiri, musiye."

Anayenda choncho, mayi ali thukuta kamukamu, kumvera kugogoda kwa m'buti. Go, aponde. Go go, asiye. Tsoka sasimba, atangokhota pa sitolo ya matabwa anangoona wapolisi wa pamsewu atakweza dzanja. Anapempha laisensi, naiona. Anayang'ana matayala akutsogolo, osapeza chifukwa. Kenako anati atsekule kumbuyo.

Nachiwongolero anayesa kufotokoza kuti muli alamu ake, koma mawuwo atatuluka anamva yekha kuti aipiratu. Wapolisi anatukula chitseko. M'menemo munali bambo wamkulu ali chagada, wopanda nsapato, maso ali tsinzinu, manja atapingasa pachifuwa, khutu litagunda pachitsulo.

Mayo! Wapolisi analumpha chammbuyo, chipewa uko. Anthu anaunjikana nthawi yomweyo ngati ntchentche, wina akuti wamupha, wina akuti n'chifukwa chake amavala bwino, mayi wina akulira kale maliro a munthu wosamudziwa. Wapolisi anali atatulutsa kale unyolo, ndipo Nachiwongolero ankangoganiza za makolo a ana aja, kuti akamva izi ndani adzamupatsenso mwana.

Mtembo unatsekula diso limodzi.

"Mwaimiranji? Ndinatsala pang'ono kuligwira vutoli."

Theka la gulu lija linathawa. A Makutu anatsika mwaulemu wawo, n'kuuza wapolisi kuti achepetse phokoso poti pali odwala. Anagwada pa tayala lakumanzere lakumbuyo, n'kuligwedeza ndi manja awiri, tayala lija n'kuvomera. Anagwira nati imodzi, inazungulira ndi zala zokha. Yachiwiri inagwera m'manja mwawo pamodzi ndi chitsulo chake chothyoka. Pa manati asanu, yogwira inali imodzi.

Apa ndiye panalibe woseka. Nachiwongolero anakhala pansi pafumbi pomwepo, poti mawa lake m'mawa akanatsika nawo mtsetse wa kusukulu ana asanu ndi awiri aja. Analira zenizeni tsopano, osati zoyerekeza. A Makutu anangomuuza kuti giyabokosi ili bwinobwino ngati mtima wa mwana, abweretse jeke.

Wapolisi uja, atatola chipewa chake, anasendera pafupi n'kunong'ona kuti nayenso njinga yake yamoto ikumachita kaphokoso kena. A Makutu sanatukule n'komwe mutu.

"Lirani, bwana."

Ndipo analira, yunifolomu ili pathupi.

A Makutu anatisiya chaka chatha, masana, atakhala pampando wawo uja ngati akumvetsera china chake patali. Tsiku lowaperekeza, Nachiwongolero anakwera lole yonyamula bokosi, atakhala chakumutu. Pokwera chitunda dalaivala anaponda moto, ndipo pansi pa boneti panamveka "tswiii", kulira kwa abusa kuja ndendende. Nyimbo inaduka. Anthu onse, ndi abusa omwe, anatembenukira kubokosi. Mayiyo anadzipeza atagunditsa khutu pathabwa, kudikira kuti mwina mugogodedwa kawiri. Munali zii. Ndi pamene anakhulupirira kuti alamu ake apitadi.

Pagalaja pano pali amakaniko ena, aulemu wawo, amalumikiza kakompyuta n'kukuwerengera vuto osakuchititsa manyazi. Palibenso amene amaima kutsidya kwa msewu kudikira kuti lero alira ndani. Nachiwongolero akuwatengabe ana aja, koma wailesi ya m'galimoto sanaitsekulenso. M'mawa uliwonse, asanafike pamtsetse, amawauza kuti akhale chete pang'ono, n'kuponda moto, n'kutchera khutu kumbuyo.