Miyezo ya Madiresi a Operekeza

Lolemba
Ukwati wa mng'ono wanga Tadala ndi Loweruka lino, madiresi a operekeza sanasokedwe! Atsikana atatu: Mwayi, Esinati, Chikondi. Ndawayeza ndekha ndi tepi, ndalemba m'kope. Vuto: ine ndili ku Chipoka, telala wathu a Jafali ali ku Khombedza, nsalu ili kale komweko.
Ndikuimba. Netiweki ikudukaduka. Ndikuti 38, iwo akumva 8. "Ndi wakhanda?"
Ndakumbukira zomwe tinaphunzira ku kosi ya kompyuta: potumiza manambala, uwaphatikize onse, yankho uliike kumapeto. Wolandira aphatikizenso. Zikasiyana, ndiye kuti penapake palakwika. Mawa ndiyesa zimenezi.

Lachiwiri
Meseji yapita. Mwayi: chifuwa 34, chiuno 28, kutalika 40, kumapeto 102. Enawonso chimodzimodzi.
A Jafali akuimba: "Mayi, mtsikana wotalika mainchesi 102 alowa bwanji m'tchalitchi?"
Ndikufotokoza. Ndikufotokozanso. Akuti amva, inshallah. Kenako akuulula kuti galasi la foni yawo linasweka, 3 ndi 8 zimaoneka ngati mapasa. Bwanji osanena dzulo?
Ndikulephera kukhala pansi. Ndasesa pakhonde kawiri.

Lachitatu
Njira yanga yagwira wakuba! A Jafali akuti za Mwayi ndi Chikondi zikugwirizana, koma za Esinati akupeza 115 pomwe ine ndinalemba 110. Ndavina pang'ono.
Akufunsa: "Ndiye nambala yolakwika ndi iti?"
Njirayi imangokuwa kuti palakwika, sikuloza pamene palakwikapo.
Ndione meseji yomwe ndinatumiza: ndinaifufuta dzulo pamodzi ndi ena onse kuti kanema wa masitepe ovina pa ukwati alowe m'foni.
Ndione m'kope: tsambalo palibe. Amayi anakulungira zitumbuwa za alendo. Ndalipeza kuseri kwa khitchini, mafuta okhaokha. Likuoneka dzina lokha ndi theka la 4.
Esinati ali ku Chitala, anapita kumaliro.

Lachinayi
Azakhali ake a Esinati amuyeza komweko ndi chingwe cha thumba la chimanga, kenako chingwecho pa lula ya mwana wa sukulu. Akuti, "Chiuno ndi malula awiri ndi chala."
Chala chake cha ndani?
Ndasintha njira. Tsopano ndituma meseji imodzimodzi katatu. Ziwiri zikafanana, zoona ndi zomwezo, yachitatu itayidwe. Ya Esinati yapita katatu. Ndikuimba kuti ndifotokoze, foni ya a Jafali yatha moto. Ku Khombedza magetsi azima.
Zoti ndisaiwale:
mapini
ulusi
osauza Tadala kalikonse

Lachisanu
Phukusi lafika pa minibasi, likununkha usipa. Ndamasula.
Madiresi anayi. Atsikana atatu.
Atatu ndi a Esinati! A Jafali pa foni: "Munatuma katatu, mayi, ine ndasoka katatu." Nsalu yathera pamenepo, Chikondi alibe kanthu.
La Mwayi ndi lotambalala ngati thumba la makala, lalifupi kosafika m'mawondo. Chiuno 40, kutalika 28. Anasinthanitsa pokopera pa khoma la shopu yawo.
"Koma ndaphatikiza katatu konse, ikubwera 102 yomweyo."
Akunena zoona. Ndaphatikiza nanenso. Ndalira.

Loweruka
Chikondi wavala limodzi la madiresi a Esinati, mapini khumi ndi awiri kumsana. Tamuuza kuti asawerame, asaseke, asapume kwambiri.
Esinati lake silikutsekeka zipi. Chala chija chinali chaching'ono.
Mwayi tamumanga chitenje m'munsi. Akazi a abusa akuti, "Sitayilo imeneyi ndi ya ku Lilongwe?" Ndavomera.
Pa masitepe pini imodzi yamubaya Chikondi, wadumpha, anthu akuombera m'manja, ena akumufupa. Tadala wandiyang'ana kamodzi kokha. Kwakwanira.

Lamulungu
Miyendo yatupa. Diresi lotsala amayi akuti likhala katani ya kuchipinda.
Tadala sanandiimbire. A Jafali atuma meseji yothokoza, akufunsa ngati ndingawaphunzitse bwino njira ija.
Wojambula watumiza zithunzi pa foni. Netiweki yadula pakati. Chithunzi chilichonse chatseguka theka: nkhope zikumwetulira, maluwa, mapewa, koma kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi pangotuwa ngati phulusa.
Akufunsa: "Zafika bwino, kapena nditumizenso?"
Ndamuyankha kuti zafika bwino kwambiri.